Bandi ya Loweruka: kayendetsedwe kake kuno ku Dedza, kuyambira pa pulakatisi mpaka pogawana ndalama

Mkati mwa sabata ndimakhala pa benchi yanga ya ukalipentala pa boma pano, koma Loweruka likafika mudzandipeza nditakoleka gitala ya besi paphewa, kaya pa ukwati ku Linthipe, kaya pa chinkhoswe ku Bembeke, kaya m'holo ya tchalitchi pa mwambo wosonkhetsa ndalama. Anzanga a m'bandi nawonso ndi otero. Wina ndi mphunzitsi, wina amagulitsa kachewere pamsika, wina ali pa kabaza. Palibe amene amadyera nyimbo zokha. Ndikulembera inu achimwene ndi achemwali amene mwangoyamba kumene gulu lanu, chifukwa pa mabandi onse amene ndawaona akupasuka, palibe ngakhale imodzi imene inapasuka chifukwa cholephera kuyimba. Onse anathera pa ndalama, pa kuchedwa, ndi pa ampu (makina okuzira mawu opita ku masipika) yopsa imene aliyense anakana kuti si iye anaipsereza. Zonsezi zimakonzedwa munthu asanakhudze nsambo.

1. Msonkhano woyamba ukhale wopanda zida

Magitala muwasiye kunyumba, mubwere ndi kope ndi bolopeni. Sankhani anthu atatu: woyang'anira nyimbo ndi pulakatisi, wolankhula ndi eni maphwando, ndi msungichuma. Wolankhula ndi eni maphwando asakhalenso wosunga ndalama, ngakhale atakhala mkulu wa mpingo. Sikuti mukumukayikira ayi, mukumutchinjiriza ku manong'onong'o.

Kenako lowani pa nkhani imene ambiri amaizemba chifukwa cha manyazi, ya kagawidwe. Ife timachita chonchi. Pa ndalama imene talandira timayamba tachotsa ya galimoto, ya mafuta a jenereta ndi ya chida chilichonse chimene tachita hayala. Yotsalayo timaidula magawo ofanana: woyimba aliyense gawo limodzi, mwini masipika ndi mikisa (makina osakanizira mawu a zida ndi maiki) gawo limodzi la zida zakezo, ndi gawo limodzi la thumba la bandi. Tiyerekeze kuti mulipo asanu ndipo mwalandira K280,000. Ulendo ndi mafuta zadya K70,000, kwatsala K210,000. Magawo ndi 7, lililonse K30,000. Wa madiramu alandire chimodzimodzi ndi woyimba patsogolo. Ndikudziwa kuti ena amati wa pa maiki ndiye amakoka anthu, choncho adye zambiri. Ine sindivomereza zimenezo m'bandi ngati yathuyi, momwe tonse timasenza masipika omwewo ndi kugona pa mphasa imodzi tikachedwa kubwerera.

Gawo la thumba lija musamaligwire wina akadandaula kuti kunyumba kulibe ufa. Ndilo lidzagule nsambo ndi ndodo za madiramu, ndilo lidzalipire wokonza ampu. Lembaninso kuti chida chikawonongeka pa ntchito ya bandi chimakonzedwa ndi thumba, koma chikawonongeka munthu atachibwereka payekha, mlandu ndi wake. Aliyense asayine pansi pake.

2. Pulakatisi

Sankhani tsiku ndipo lisamasinthesinthe. Ife ndi Lachitatu kuyambira 4 koloko madzulo, anthu ataweruka. Magetsi a ESCOM akazima pulakatisi isafe. Tengani gitala yosafuna magetsi, chigubu chikhale diramu, muyimbe. Masiku amenewo ndiwo timakonza mawu bwino kuposa ena onse, chifukwa wosokoneza alibe pobisala.

Nyimbo iliyonse ilembedwe m'kope pamodzi ndi kiyi yake, amene amaiyamba, ndi mmene imathera. Poyambira ndi pothera ndi pamene bandi yosakonzeka imagwidwira, pakati aliyense amatha kutsatira. Kiyi isankhidwe potengera pakhosi pa woyimba, osati zala za wa kiyibodi. Ngati mnyamata wanu wa kiyibodi amadziwa C ndi F mokha n'kumadalira batani la transpose, lokweza kapena kutsitsa kiyi zala zisanasinthe malo, pongoyamba palibe vuto, koma azikumbukira kulibwezera pa 0 nyimbo ikatha, apo ayi yotsatirayo mudzailowa m'makiyi awiri anthu akumva. Ikani foni pakati pa chipinda mujambule pulakatisi yonse, mutumizirane pa WhatsApp. Khutu limagwira zambiri munthu akakhala pansi, chida chili kutali.

Posankha nyimbo ganizirani anthu a kuno. Pa bwalo limodzi la ukwati pamakhala agogo, ankhoswe, abusa ndi achinyamata. Mukhale ndi nyimbo zauzimu zodziwika, rege ya kayimbidwe ka ku Balaka imene ambiri kuno ndi ku Ntcheu tinakula nayo, rumba yovinitsa, ndi zatsopano zimene zikumveka pa wailesi. Koma chimene chimadzutsa amayi pa mkeka ndi kagundidwe ka ng'oma za kwathu. Wa madiramu wanu apite akakhale pafupi ndi oyimba ng'oma za chimtali kapena za mganda, amvetsere mmene zimayankhirana, azibweretse pa zida zake. Mukayitanidwa ku Ntcheu, kwa Angoni a Inkosi ya Makosi Gomani, dziwani kuti magule a ngoma ndi msindo si achilendo pa chisangalalo. Amayi akayambitsa nyimbo yawo, inu tsitsani zida muwasiyire bwalo.

3. Zida

Musathamangire kugula zonse. Yambani ndi zogwira m'manja: gitala, besi, kiyibodi, maiki ziwiri kapena zitatu ndi mawaya abwino. Masipika akuluakulu ndi ampu mukhoza kumachita hayala kwa a DJ kapena kutchalitchi kufikira thumba litakula. Chida chogwirapo kale ntchito musachigule musanachiyimbe kwa theka la ola, chifukwa ampu yodwala imayamba bwinobwino n'kudzayamba kulira ikatentha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nsambo zabwino sizipezekapezeka kuno. Kawirikawiri timakazitenga ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, ndipo chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wochokera kunja anakwera mtengo. Choncho zisamaleni. Muzizipukuta ndi kansalu kouma mukangomaliza kuyimba, poti thukuta ndilo limazidyetsa dzimbiri. Za besi zikayamba kumveka mogontha, zimasuleni muziwiritse m'madzi kwa mphindi 10, muziumitse bwinobwino. Mawu amabwerako kwa kanthawi.

Pakhale kachikwama kamodzi kamene sikatsala ulendo uliwonse. M'menemo mukhale nsambo zapadera, makamaka zing'onozing'ono za E, B ndi G zimene zimaduka msanga, mafyuzi, tepi yakuda ya magetsi, pulayasi, sikuludiraiva, chowotcherera mawaya ndi mtovu wake, tochi, ndi waya wa maiki wapadera.

4. Kukambirana ndi mwini phwando

Foni ikalira kuti "Tili ndi ukwati pa 14, mungabwere?", musafulumire kutchula mtengo. Funsani kaye. Kuli kuti ndipo msewu wake ndi wotani? Mwambo uyamba nthawi yanji, utha nthawi yanji? Ndi m'holo kapena panja? Magetsi alipo kapena ndi jenereta, ndipo ngati ndi jenereta, ndi ya ndani, mafuta agula ndani? Oyimba adya? Pali DJ kapena ndi inu nokha tsiku lonse? Ukwati wa pa boma ndi wa kuseri kwa Lobi kapena Mayani sungakhale mtengo umodzi. Safunsa anadya phula.

Theka la ndalama lilipidwe tsiku lisanafike, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti uthenga wa pafoni ukhale umboni wa mbali zonse. Theka lotsalalo mulandire musanayambe kuyimba. Mukadikira mpaka madzulo mudzapeza wapampando wa komiti watopa, msungichuma waperekeza akwati, inu n'kuuzidwa kuti mubwere Lolemba. Palibe chifukwa chokangana, ingolankhulani mwaulemu kuti, "Bambo wapampando, kuti ife tigwire ntchito ndi mtima umodzi, tikupempha kuti nkhani yathu ithe tisanakoleke zida." Munthu woganiza bwino sakhumudwa nazo.

Pali mfundo ina imene imayambanitsa oyimba ndi makomiti, ya ndalama zoponya. Za perekaniperekani ndi za akwati, zonse, ngakhale zitagwera paphazi panu. Koma munthu akachoka pampando wake kudzakufupani inuyo, kukuikani ndalama m'thumba kapena pamphumi chifukwa cha kayimbidwe kanu, imeneyo ndi ya bandi. Mumvane pasadakhale ndi a MC ndi komiti, ndipo mbale yanu ikhale pambali pa siteji, kutali ndi lichero la akwati, kuti pasakhale kusakanikirana.

Ngati phwando ndi lanulanu, lolipiritsa pakhomo, dziwitsani apolisi, ndipo ngati ndi kumudzi kaonekereni kaye kwa amfumu. Funsaninso mwini malo ngati ali ndi chilolezo cha COSOMA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza umwini wa ntchito za aluso, poti nyimbo za eni mukuziyimbazo zili ndi eni ake. Ndipo pamudzi pakagwa zovuta, musayatse chilichonse musanamve mawu a amfumu, ngakhale mutalandira kale dipoziti.

5. Ulendo

Galimoto muipeze Lachinayi, osati m'mawa wa Loweruka. Masipika akhale pansi, pa matiresi akale kapena makatoni. Mikisa, kiyibodi ndi magitala zikhale pamiyendo pa anthu. Funditsani lona, m'chilimwe chifukwa cha fumbi, m'dzinja chifukwa cha mvula. Nyamukani moti mukafike kutatsala maola awiri.

Nyengo yathu nayo imakhudza zida. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka zala kuuma pa nsambo. Mukatsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti kapena Mtakataka, tsiku lomwelo mumakumana ndi kutentha kwa kunyanja. Thabwa ndi chitsulo zimamva kusinthaku. Mukafika tulutsani gitala m'chikwama ipume pamthunzi kwa mphindi 20, kenako muichune, E, A, D, G, B, E, nonse potengera kiyibodi kapena pulogalamu yochunira ya pafoni, yoikidwa kuti mawu a A akhale pa muyeso wa 440. Dzuwa likalowa muichunenso.

6. Magetsi

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ndinaona bandi yathu itatsala pang'ono kutha.

Chaka china tinayitanidwa ku ukwati wa kumudzi, kufupi ndi malire a Mozambique. Eni ukwati anabwereka jenereta yaing'ono, ife osafunsa kuti pa jenereta yomweyo palumikizidwanso chiyani. Kuseri kwa nyumba anali atalumikizako firiji ya zakumwa. Akwati akulowa pabwalo, nthungululu zili ponseponse, ndinamva besi yanga ikuchepa mawu ngati munthu wotsamwa. Mababu anayamba kuphethira, kenako fungo la pulasitiki wopsa linatuluka mu ampu. Mwini wake, bambo wachikulire amene anaigula ndi ndalama za kachewere wa chaka chathunthu, anangogwada pambali pake, dzanja lili pa chitsulo chotenthacho, osanena kanthu. Ukwatiwo tinaumaliza ndi timasipika ta pa kiyibodi ndi manja a anthu. Kuti ampuyo iyimbenso panapita miyezi inayi.

Ndiye chitani izi. Phatikizani ma watt a zida zanu zonse, amalembedwa kuseri kwa chida chilichonse, ndipo jenereta ikhale yoposa pamenepo ndi theka kapena kuwirikiza kumene. Kumbukiraninso kuti injini ya petulo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse okwera, chifukwa kumtunda mpweya umapepuka. Ndiye kuno pa boma, ku Bembeke kapena ku Tsangano, jenereta imapereka mphamvu yocheperako ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi yolembedwa pathupi pake. Mukafika, mmodzi wa inu atsatire waya ndi maso kuchoka pa jenereta mpaka kumapeto, aone zimene zalumikizidwa. Firiji, ketulo, ayironi ndi makina a popukoni zisakhalepo. Eni phwando akaumirira, afotokozereni modekha kuti zikakhalapo nyimbo zithera panjira.

Jenereta ikhale panja, kutali ndi khomo ndi mawindo, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha. Iyatseni iyende yokha kwa mphindi zingapo musanalumikize kanthu. Poyatsa zida yambani ndi kiyibodi ndi magitala, kenako mikisa, ampu pomaliza. Pozimitsa yambani ndi ampu. Mukasemphanitsa mumamva kuti phu! m'masipika, ndipo kaphokoso kameneko ndiko kamapha timasipika ta mawu ang'onoang'ono. Munthu mmodzi apatsidwe ntchito yosuzumira mafuta. Jenereta ikamatha mafuta imakoka mojejema, magetsi n'kumakwera ndi kutsika, ndipo ndi pomwepo zida zimapsa. Thirani mafuta pa nthawi ya chakudya kapena ya malangizo, mutazimitsa ampu, mutazimitsa jenereta, itazizirako.

Ngakhale pa magetsi a ESCOM, a 230V, musagone. Gulani chotetezera zida ku magetsi obwera mwamphamvu thumba likangolola. Magetsi akazima zimitsani ampu nthawi yomweyo, asadzaipeze ili yoyaka pobwera. Pulagi ya mano atatu isathyoledwe dzino lalitali lija, ndilo la earth, lothawitsira magetsi pansi chida chikasokonekera, ndipo chizolowezi cholowetsa mawaya osenda mu soketi n'kukhomera ndi mitengo ya machesi chithe. Mukamva maiki ikukulumani pamilomo pamene mwagwira nsambo, lekani pomwepo mufufuze, chifukwa magetsi amenewo amapha. Waya wautali wokulungidwa mumutambasule yense, akakhala wokulunga amatentha.

Chomaliza pa magetsi ndi masipika. Sipika ya ma ohm 8 (ohm ndi muyeso wa mmene sipika imatchingira magetsi, ukatsika ampu imalemedwa) mukailumikiza kuchokera pa inzake ya 8 zimakhala 4, zikakhala zinayi zimatsika kufika pa 2. Onani kuseri kwa ampu. Ngati palembedwa 4, musapitirire masipika awiri a ma ohm 8 mbali imodzi, ngakhale eni phwando atabweretsa ena kuti zimveke mpaka kutsidya.

7. Kuyika zida ndi kuyesa mawu

Masipika akhale patsogolo pa maiki, kuyang'ana kwa anthu, atakwezedwa pa tebulo kapena pa sitandi kufika pamutu pa munthu woyimirira. Maiki ikayang'anana ndi sipika ndiye kulira kuja koboola m'makutu. Kukayamba tsitsani mawu a maikiyo, musaiphimbe ndi dzanja, kuphimbako kumangowonjezera. Yesani chimodzichimodzi, madiramu, besi, kiyibodi, gitala, mawu, kenako nyimbo imodzi nonse, mmodzi atayima kumbuyo kwenikweni. Funso lake ndi limodzi: kodi mawu a nyimbo akumveka? M'holo ya malata ndi simenti besi imachuluka yokha, ichepetseni, ndikutero ine wa besi. Anthu akadzaza matupi awo amameza phokoso, pamenepo mudzakweza pang'ono.

8. Mwambo uli mkati

Mwini pulogalamu ndi a MC, ndipo diso la mtsogoleri wanu lisachoke pa iwo. Perekaniperekani amatha maola, mukuyamba, mukuleka, mukuyambanso, gulu ili la akuchimuna, ili la akuchikazi, ili la anzawo a kuntchito. Konzani nyimbo zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimene mukhoza kuzizunguliza mmene mungafunire n'kuzidula pa chizindikiro chimodzi, monga wa madiramu kukweza ndodo. Woyimba patsogolo azipumira, ena azimulandira, ndipo usiku wozizira azimwa madzi ofunda.

Atsibweni a mkwatibwi kapena abusa akayimirira kulankhula, pasamveke chala pa nsambo, ngakhale kuchuna. Mowa udikire zida zitalowa m'galimoto. Pa ukwati uliwonse pamakhala mayi amene mwana wake akwatiwa chaka chamawa, ndipo iyeyo amaona zonse, kavalidwe kanu, kadyedwe kanu, mmene mwayankhira mwana amene wakhudza kiyibodi. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Nambala ya foni ya bandi ikhale yolembedwa pa timapepala m'thumba la wolankhula wanu.

9. Kutsitsa zida ndi kugawana

Mawaya amasowa mumdima, nthawi yopakira. Anu onse muwamange kansalu ka mtundu umodzi kuti asasakanikirane ndi a DJ, ndipo muwawerenge ndi tochi potsatira mndandanda wa m'kope. Musanyamuke musanatsanzike kwa wapampando ndi kwa eni khomo.

Ndalama igawidwe tsiku lomwelo, onse akuona. Ife timayala chitenje pansi, msungichuma amakhuthula mbale ya zofupidwa, ma K200 ndi ma K500 opindikapindika, ena onyowa thukuta, tonse n'kumawongola ndi kusanja. Amawerenga mokweza, amaphatikiza ndi ya mgwirizano, amachotsa zolipira, amadula magawo. Aliyense amasayina m'kope asanaike m'thumba. Amene sanabwere pa pulakatisi popanda chifukwa, nkhani yake ikambidwe Lachitatu, osati pa chitenje pamenepo anthu atatopa.

Ntchito imachuluka anthu akakolola ndi kugulitsa, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Khirisimasi. Januwale mpaka Malichi kumakhala zii, anthu ali kumunda, ndalama kulibe, misewu ya kumudzi ikuterera. Miyezi imeneyo pulakatisi isayime. Ndi nthawi yowotcherera mawaya oduka, yopititsa ampu kwa wokonza, ndi yopeka nyimbo zanuzanu. Mukamaliza nyimbo, lembani m'kope lomwe lija tsiku lake, amene wapeka mawu ndi amene wapeka kayimbidwe, musanaitumize kwa wina aliyense pafoni. Mukaijambula, mmodzi wa inu akwere minibasi akailembetse ku COSOMA ku Lilongwe, ndipo ya ulendo wakeyo ichoke m'thumba la bandi.